Mmene mungatetezere chakudya cha ziweto ku dioxin

Wosakaniza chakudya cha ziweto aliyense amadziwa kuyang'ana chimanga. Amapisa dzanja m'thumba, kununkhiza, kuluma njere kuti amve ngati yauma, ndipo akaona chuku amabweza katunduyo pomwepo. Koma kathumba ka premix (ufa wosakaniza mavitamini ndi michere), ufa wa laimu, dongo loletsa chakudya kuumbana, ndi mgolo wa mafuta othira m'chakudya, izi timangozilandira ndi manja awiri poti zabwera zomata bwino, zilembo zake zili waliwali. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pa nkhani zikuluzikulu za poizoni wotchedwa dioxin zomwe zagwedeza alimi m'maiko osiyanasiyana, ofufuza akalondola gwero la poizoni, kawirikawiri amakafika pa tinthu timeneti, tomwe pa tani yathunthu ya chakudya timathiramo pang'ono chabe.

Dioxin palibe amene amamupanga dala kuti agulitse. Amabadwa yekha zinthu zokhala ndi klorini zikamapsa, monga mapulasitiki a PVC, zinyalala zosakanikirana ndi matabwa opaka mankhwala, komanso posungunula zitsulo ndi popanga mankhwala ena. Ndi banja lalikulu. Bungwe la WHO limati mitundu yodziwika ilipo pafupifupi 419, ndipo pafupifupi 30 mwa iyo ndiyo ili ndi ululu woopsa. Woopsetsa ndi TCDD, amene bungwe lofufuza za khansa la IARC lidamuika mu 1997 m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa kwa anthu. Achibale ake ndi ma PCB, mafuta omwe ankathiridwa m'mathiransifoma a magetsi ndi m'makina ena. Pangano la ku Stockholm la mu 2001 lidaletsa kuwapanga, koma akadalimo m'zipangizo zambiri zakale.

Poizoni ameneyu simungamuone ndi maso kapena kumumva fungo m'chakudya. M'madzi sasungunuka, amakakamira mafuta. Chiweto chikamudya amakhazikika m'mafuta a m'thupi ndi m'chiwindi, n'kumatuluka mu mkaka ndi m'chachikasu cha dzira. Kuphika sikumutha mphamvu. Akalowa mwa munthu pamapita zaka 7 mpaka 11 kuti theka lake lokha lichoke, ndipo amasokoneza ubereki, chitetezo cha m'thupi ndi kakulidwe ka mwana amene ali m'mimba. Pa dioxin yense wolowa mwa anthu, woposa magawo 90 pa 100 amadzera m'zakudya, makamaka nyama, mkaka ndi nsomba. Chondidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti chiweto chodya poizoniyu nthawi zambiri chimaoneka chathanzi, chimanenepa, chimaikira, ndipo mwini khola amagulitsa ndi mtima woyera. Wodikira kuti ziweto zidwale kaye amakhala atachedwa kalekale.

Choyamba: lembani chilichonse cholowa m'makina osakanizira

Tengani pepala, muime pambali pa makina tsiku lathunthu, mulembe chilichonse chothiridwamo, ngakhale cha supuni imodzi. Musakopere pa fomula ya mu kompyuta, chifukwa zolembedwa pa fomula ndi zomwe antchito akuthira sizifanana masiku onse. Kutsogolo kwa chinthu chilichonse yankhani mafunso atatu: chachokera kuti, chapangidwa bwanji, chadutsa pamoto kapena ayi. Pomwe mwasowa yankho ikani chizindikiro chofiira. Kenaka muyang'anitsitse magulu awa, omwe adapweteketsa kale anthu.

Dongo ndi limene anthu salikayikira n'komwe, poti ndi dothi. Mu 1997 ku United States nkhuku, mazira ndi nsomba zoweta zidapezeka ndi dioxin wambiri. Atafufuza adapeza kuti gwero lake linali dongo lotchedwa ball clay lochokera ku mgodi wina ku Mississippi, lomwe ankalithira mu ufa wa soya kuti usaumbane. Palibe adathiramo kanthu, dongolo lidakumbidwa lili ndi dioxin kale. Mu 2004 ku Netherlands zidachitikanso mwa njira ina: fakitale yokonza mbatatesi inkagwiritsa ntchito dongo posankha mbatatesiyo, makoko ake n'kugulitsidwa kwa alimi a ng'ombe, dioxin n'kukapezeka mu mkaka. Apa ndikumbutse za toxin binder, mankhwala othira m'chakudya kuti agwire poizoni. Ambiri mwa mankhwala amenewa ndi dongo lomwelo, choncho nawonso afunika kufunsidwa komwe achokera. Ndipo musawadalire kuti agwira dioxin, ntchito yawo ndi kugwira poizoni wa chuku monga aflatoxin.

Gulu lachiwiri ndi michere ya zitsulo yomwe imalowa mu premix, monga zinc oxide ndi copper sulphate, pamodzi ndi laimu. Ina mwa michereyi imatengedwa ku zotsalira za m'mafakitale osungunula zitsulo, ndipo imatsika mtengo chifukwa cha chomwecho. Mu 2008 nyama ya nkhumba ya ku Chile idapezeka ndi dioxin, ndipo adamulondola mpaka pa zinc oxide wa mu premix. Mu 1998 mkaka wa ku Germany udakwera dioxin chifukwa cha makoko ouma a malalanje ochokera ku Brazil, omwe powakonza adawathira laimu wotsalira ku fakitale ya mankhwala.

Pa mafuta ndiye pali nkhani yaikulu, popeza dioxin ndi ma PCB kwawo n'komweko. Mu Januwale 1999 ku Belgium, mafuta a thiransifoma adasakanikirana ndi mafuta ophikira otha ntchito omwe ankatoleredwa kuti apangire chakudya cha ziweto. Ma PCB omwe adalowamo anali pafupifupi makilogalamu 50, dioxin pafupifupi galamu imodzi yokha. Ulendo umenewu nkhuku zidaonetsa: zidachepetsa kuikira, mazira sankaswa bwino, anapiye ankatupa madzi m'thupi n'kufa. Komabe anthu wamba adamva nkhaniyi kumapeto kwa Meyi, miyezi inayi itadutsa akudya nkhuku ndi mazirawo. Maiko ambiri adaletsa katundu wa ku Belgium, ndipo boma la Jean-Luc Dehaene lidagonja pa chisankho cha mu Juni chaka chomwecho. Kumapeto kwa 2010 ku Germany, mafuta omwe adapangidwira ntchito za m'mafakitale adasakanizidwa ndi mafuta a chakudya cha ziweto, ndipo mu Januwale 2011 mafamu pafupifupi 4,700 adatsekedwa kwa kanthawi. Mafuta a nsomba ndi ufa wa nsomba nazonso muziike pa mndandanda wofiira, chifukwa nsomba za m'madzi oipitsidwa zimasunga poizoniyu m'mafuta ake.

Pali chinanso chobisika: ufa umene amasakaniza ndi vitamini kuti achuluke ndi kumwazikana bwino. Mu 2000 ku Ulaya, choline chloride, chowonjezera cha m'gulu la mavitamini, adapezeka ndi dioxin, osati chifukwa cha choline mwini wake koma utuchi umene adamusakaniza nawo, wochokera ku matabwa opaka mankhwala a pentachlorophenol oteteza ku chiswe ndi kuwola.

Chachiwiri: funsani wogulitsa, ndipo ayankhe polemba

Pa chinthu chilichonse chofiira, lemberani wokugulitsani. Akuuzeni dzina la fakitale yomwe idapanga, osati la kampani yomwe idangolongedza. Akuuzeni ngati katunduyo adapangidwira chakudya cha ziweto, zomwe pa thumba zimalembedwa kuti feed grade, kapena ndi wa ntchito za m'mafakitale, wolembedwa technical grade kapena industrial grade. Ngati ndi dongo, likuchokera mgodi uti. Ngati ndi mchere wa chitsulo, wapangidwa kuchokera ku miyala ya mumgodi kapena ku zitsulo zakutha. Ngati ndi mafuta, ndi a mtundu umodzi kapena osakaniza, ndipo matanki ndi magalimoto onyamulira amanyamulanso chiyani. Ngati ndi chinthu chouma, chidaumitsidwa ndi moto wanji. Funsaninso ngati fakitaleyo ili pansi pa ndondomeko yowunikidwa monga FAMI-QS kapena GMP+.

Wogulitsa wabwino sakwiya ndi mafunso amenewa, mayankho amakhala nawo kale mu failo. Amene akungoti "ndagulitsa zaka zambiri, palibe adadandaulapo" sakukunamizani dala mwina, koma mawu akewo alibe phindu pa poizoni amene nthawi zambiri saonekera pa chiweto. Ine pa dongo, premix ndi mafuta sindiona chifukwa chosinthirasinthira ogulitsa pofuna kupulumutsa ndalama pang'ono. Katundu akatsika mtengo modabwitsa kuposa wa anzake onse, funso la komwe wachokera likhale loyamba.

Chachitatu: werengani satifiketi ndi diso lakuthwa

Satifiketi ya zotsatira za ku labotale yambiri imene imabwera ndi premix imangonena kuchuluka kwa mavitamini ndi michere. Imeneyo sinena kanthu za dioxin. Yomwe mukufuna ikhale ndi mzere wolembedwa PCDD/F (kutanthauza dioxin), wina wa PCDD/F pamodzi ndi dioxin-like PCB (ma PCB ochita ngati dioxin), ndipo muyeso wake ukhale mu ng WHO-TEQ/kg. Zilembo ng zikuimira nanogalamu, gawo limodzi mwa magawo 1,000,000,000 a galamu. TEQ ndi njira yophatikizira mitundu yonse ya poizoniyu molingana ndi ukali wake poyerekeza ndi TCDD.

Dziko lililonse lili ndi malamulo ake, ndipo muyambe mwafunsa a boma oyang'anira chakudya cha ziweto komwe muli. Komwe malire sadakhazikitsidwe, mutha kutsamira pa a European Union, omwe ali mu Directive 2002/32/EC. Pa dioxin payekha, popanda kuwerengera ma PCB, malire ake ndi 0.75 ng pa kilogalamu pa zochokera ku mbewu, pa dongo loletsa kuumbana ndi pa chakudya chosakaniza kale cha ziweto za pafamu, 1.0 pa premix ndi pa michere ya zitsulo, 1.25 pa ufa wa nsomba, 1.5 pa mafuta a nyama, ndi 5.0 pa mafuta a nsomba. Bungwe la Codex Alimentarius lilinso ndi malangizo opewera dioxin m'zakudya za anthu ndi za ziweto omwe adatuluka mu 2006.

Mukatero fananizani nambala ya batchi (gulu la katundu wopangidwa nthawi imodzi) ya pa satifiketi ndi ya pa thumba. Zikasiyana, pepalalo likunena za katundu wina, osati amene ali m'nyumba yanu. Onani tsiku loyeza, dzina la labotale, ndi ngati ili yovomerezeka pa muyezo wa ISO 17025.

Chachinayi: polandira ndi posunga

Galimoto ikafika, wina amene amawerenga bwino aime pa khomo. Thumba lopanda chizindikiro, long'ambika chilembo, kapena lolembedwa ndi cholembera pamanja lisatsike. Mgolo wa mafuta muuzungulire mbali zonse: ngati pansi pa chilembo chatsopano pakuoneka china chakale cha oyilo kapena mankhwala, ubwerere. Kutsuka mgolo ndi madzi ndi sopo sikuchotsa ma PCB.

Zomwe zidachitika ku Michigan, ku United States, mu 1973 zikuonetsa kuopsa kwa thumba losokonezeka. Fakitale ina inkapanga magnesium oxide wothira m'chakudya cha ng'ombe za mkaka, komanso mankhwala oletsa zinthu kugwira moto otchedwa PBB, achibale a ma PCB. Matumba adasokonezeka, PBB n'kupita ku chigayo cha chakudya cha ziweto, kumene adamuthira ngati magnesium oxide. Padatenga pafupifupi chaka kuti chifukwa chake chidziwike, ndipo pamapeto pake ng'ombe pafupifupi 30,000 ndi nkhuku pafupifupi 1.5 miliyoni zidaphedwa n'kukwiriridwa. Choncho m'nyumba yosungira zowonjezera musalowe oyilo, penti, mankhwala a mbewu kapena a matabwa, olo kwa usiku umodzi. Matumba akhale pa mapaleti osapaka mankhwala. Makina akale otulutsa oyilo pamwamba pa chakudya akonzedwe msanga, ndipo thiransifoma yakale yodontha ikhale nkhani ya akatswiri a magetsi, osati yoti mnyamata akapukute ndi chiguduli.

Chachisanu: sungani sampulo ya batchi iliyonse

Ntchito iyi ndi ya mphindi zochepa, koma ndi imene imapulumutsa munthu tsiku la mavuto. Tengani chitsulo chobayira matumba chotsuka ndi chouma. Bayani matumba angapo, ena a pamwamba pa mulu, ena a pakati, ena a pansi. Khuthulirani zonse m'mbale yoyera yachitsulo, sakanizani, mutapepo pafupifupi theka la kilogalamu. Ikani m'botolo lagalasi louma, phimbani kukamwa kwake ndi foyilo musanatseke chivundikiro, ndipo pa botolo lomwelo mumatepo pepala lolembedwa dzina la katundu, wogulitsa, nambala ya batchi, tsiku lolandira ndi dzina la wotenga sampuloyo. Pa mafuta, vundulani kaye mgolo musanatunge. Mabotolowo akhale pamalo ozizira, amdima, otsekedwa ndi loko, mpaka ziweto zomwe zidadya chakudyacho zitagulitsidwa ndi kudyedwa. Chitani chimodzimodzi ndi chakudya chomwe mwasakaniza.

Chachisanu ndi chimodzi: samalani moto wanu

Si dioxin yense wochokera kwa wogulitsa. Wina timapanga tokha poumitsa. Pali makina oumitsira omwe utsi wa moto umadutsa m'kati mwa chakudya mwenimwenimo, ndipo pali ena omwe moto umangotenthetsa chitsulo, mpweya woyera n'kumaumitsa. Pa makina a mtundu woyamba, chilichonse chili m'nkhuni kapena m'mafuta oyatsira chimathera m'chakudya. Ku Ireland mu 2008 zotsalira za buledi zomwe ankapangira chakudya cha nkhumba zidaumitsidwa ndi moto wa mafuta okhala ndi ma PCB, ndipo nyama ina idapezeka ndi dioxin wopitirira malire maulendo 200. Musayatsire oyilo wakutha, matayala, mapulasitiki, matabwa opaka penti kapena opaka mankhwala. Ngati mungathe, sinthani makinawo kuti utsi usakhudze chakudya.

Kunja kwa nyumba nakonso n'chimodzimodzi. Matumba otha ndi mapulasitiki asatenthedwe pafupi ndi poanika chakudya kapena pomwe ziweto zimadya. Nkhuku zoyendayenda zimatola dothi ndi nyongolotsi, ndipo pamalo potenthera zinyalala zimatola dioxin yemwe amakathera m'mazira. Phulusa la pamoto wa zinyalala lisalowe m'khola, ndipo utuchi woyala pansi uchokere ku matabwa osapaka mankhwala.

Chachisanu ndi chiwiri: kaundula

Buku limodzi lokha likwanira, bola lizilembedwa tsiku ndi tsiku: batchi iti ya premix, ya mafuta, ya dongo idalowa m'chakudya cha tsiku liti, ndipo chakudyacho chidapita kwa yani kapena ku khola liti. Ku Ireland kuja, nkhumba zomwe zidadya chakudya choipacho zinali pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10, koma nyama itachoka kophera kunali kosatheka kusiyanitsa yoipa ndi yabwino. Pa 6 Disembala 2008 boma lidalamula kuti nyama yonse ya nkhumba yopangidwa kuyambira pa 1 Seputembala ichotsedwe m'misika, ndipo alimi osalakwa adaluza limodzi ndi okhudzidwa.

Chachisanu ndi chitatu: yezetsani, koma mwanzeru

Kuyeza dioxin n'kodula ndipo malabotale ake ndi ochepa, moti ambiri amatumiza masampulo kunja kwa dziko lawo. Palibe kachida koyezera pafamu ngati ka aflatoxin. Njira zake ndi ziwiri. Yoyamba ndi yosefa, monga ya CALUX, yomwe imagwiritsa ntchito maselo amoyo ndipo imangonena ngati sampulo ili yokayikitsa. Yachiwiri ndi yotsimikiza, monga ya GC-HRMS, yomwe imaonetsa mtundu uliwonse wa poizoniyu ndi kuchuluka kwake, ndipo kaphatikizidwe ka mitunduyo kamathandiza kudziwa ngati gwero ndi dongo, ma PCB, pentachlorophenol kapena moto.

Ndalama zikakhala zochepa musaziwaze pa chimanga. Yambani ndi katundu wa wogulitsa watsopano, mafuta osakaniza, mafuta a nsomba, dongo, michere ya zitsulo ndi chilichonse choumitsidwa ndi utsi. Osakaniza ang'onoang'ono ogula kwa wogulitsa mmodzi angathe kusonkha n'kuyezetsa batchi imodzi limodzi. Ndipo yezetsani katundu asanalowe m'makina, zotsatira zibwere kaye. Batchi yoyembekezera zotsatira ikhale pakona payokha, yomangidwa chingwe ndi chikwangwani chakuti isagwiritsidwe ntchito.

Zotsatira zikabwera zoipa

Imitsani chakudyacho ola lomwelo, ndipo ziweto zipatsidwe china chochokera ku batchi yosakhudzidwa. Imitsaninso kugulitsa mazira, mkaka ndi ziweto zomwe zidadya. Apa mtima umalimbana, chifukwa ngongole sizidikira, koma mazira amenewo akupita kwa amayi oyembekezera ndi ana. Dziwitsani dokotala wa ziweto ndi a boma oyang'anira zakudya tsiku lomwelo, pamodzi ndi wokugulitsani ndi onse omwe mudawagulitsa. Tsegulani kaundula, muone masiku omwe batchiyo idagwiritsidwa ntchito, mutulutse mabotolo a masampulo a masikuwo ndi a masiku oyandikana nawo kuti akayezedwe. Chitaninso chimodzimodzi mukaona nkhuku zasiya kuikira mwadzidzidzi, mazira akulephera kuswa, kapena anapiye akutupa madzi mutangosintha mafuta kapena premix, pomwe dokotala sakupeza matenda odziwika.

Musasakanize chakudya choipacho ndi chabwino kuti nambala itsike. Malamulo a European Union amaletsa zimenezi, ndipo chifukwa chake n'chomveka: poizoni yenseyo akalowabe mwa anthu, kungoti mwa anthu ochuluka. Musachigulitse motchipa kwa mlimi wina, musachipatse agalu kapena nsomba, musachimwaze m'munda ngati manyowa. Kuchitentha pabwalo n'koipitsitsa, chifukwa moto wamba umamwaza dioxin ndi kupanga wina. Amawonongeka pa ng'anjo zapadera zotentha kupitirira madigiri 850 a Celsius, ndipo pa katundu woipitsidwa kwambiri pamafunika 1,000 kapena kuposa. Mpaka a boma atakuuzani kotayira, chisungeni chomata, pouma, pokhoma.

Makina osakanizira, matanki a mafuta, mapaipi ndi modyera ziweto zipalidwe ndi kuyeretsedwa, ndipo chakudya choyamba kudutsamo pambuyo pake chiikidwe padera n'kukayezedwa. Ziweto zikayamba kudya chakudya choyera, dioxin wa m'mazira ndi mu mkaka amatsika msangamsanga poyamba, kenaka pang'onopang'ono, popeza wosungidwa m'mafuta a m'thupi amatuluka mochedwa. Nthawi yake imasiyana malinga ndi kuchuluka kwa zomwe zidadya ndi kutalika kwa masiku omwe zidadyera, choncho musawerengere masabata pa kalendala. Yezetsani mazira, mkaka kapena mafuta a chiweto chophedwa, ndipo muyambirenso kugulitsa zotsatira zikatsika pansi pa malire komanso a boma atavomereza polemba.